PABWALO LA ACHINYAMATA: Yendani mawondo akadali olimba

Mwezi uno tikambirane nkhani imene makolo ambiri sakonda kuimva, ndiyo ya mnyamata kapena mtsikana wofuna kunyamuka yekha, ndi ndalama zochepa m'thumba, kukaona maiko ena ndi kubwerako. Sindikunena za kupita ku Joni kukasaka ganyu, kapena kuthawa mlandu pamudzi. Ndikunena za ulendo wa masabata awiri kapena atatu, umene munthu aukonzekera, natsazika bwino, nabwera ndi nkhani zoti asimbe.

Makolo athu ali ndi chifukwa chomveka choopera malire. Ambiri a iwo anawoloka malirewo usiku, mwana kumsana, mtolo pamutu, m'zaka za nkhondo ija inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Anthu a dziko lino oposa miliyoni imodzi anakhala ku Malawi monga othawa nkhondo, kulandira ufa ndi nandolo pamzere. Kwa munthu wotere mawu akuti "kunja" amamukumbutsa utsi wa m'misasa. Tsono mwana akati akufuna kukayenda, mayi amaona ngati mutu wamusokonekera: munthu angasiye bwanji nyumba popanda womuthamangitsa? Komatu chipatso china cha mtendere umene iwo anaupempherera ndi chomwechi, kuti mwana wawo angathe kudutsa pa Calómuè masana, pasipoti ili m'manja, mutu uli chilili, ndi kubwerera tsiku limene wafuna.

Buku Lopatulika likutionetsa anthu awiri amene anachoka kwawo okha. Yakobo pa Genesis 28 anayenda wopanda kanthu koma ndodo yake, natsamira mwala kuthengo, ndipo usiku umenewo ndi pamene Mulungu wa atate ake anakhala Mulungu wakenso. Mwana wolowerera wa pa Luka 15 anachoka thumba lili tho, natsiriza akusirira chakudya cha nkhumba. Amene anaonongeka ndi wandalama uja. Choncho amene amati sangayende chifukwa ndi wosauka ayambe waganizanso. Ndalama zochepa zimamutsekera munthu makomo ambiri oipa, chifukwa amene akuwerenga makobidi a basi ya mawa sakhala ndi zotsala zokataya kumowa.

Nanga n'chifukwa chiyani tikuti muyende mukadali achinyamata? Thupi la zaka 22 limagona pabenchi pokwerera basi, m'mawa n'kudzuka likuseka. Thupi la zaka 60 likatero limadwala sabata yathunthu, ndipo Mlaliki 12 sanabise mmene ukalamba umagwetsera nyumba ya munthu pang'onopang'ono. Chinanso, mukangokwatira kapena kukwatiwa, ndalama iliyonse imakhala ndi mwini wake isanafike m'manja: feteleza, yunifolomu, mankhwala a mwana. Zimenezo n'zabwino, ndi madalitso, koma zimamanga miyendo. Chachikulu koposa n'chakuti mtima wa wachinyamata ukadali ngati dothi la mtapo losaotcha. Zimene waona zimamusintha. Wachikulire akayenda amangofanizira zonse ndi kwawo, n'kubwera akunena kuti nsima ya kumeneko njosapsa.

Kuyenda wekha kuli ndi phunziro lake limene ulendo wa kwaya sungapereke. Pagulu mumacheza nokhanokha, mumaimba nyimbo zanu, abusa ndiwo amalankhula ndi a pachipata. Ukakhala wekha uyenera kupereka moni kwa munthu wosamudziwa, kufunsa njira, kulandira madzi kwa mlendo ndi kuthokoza. Ndipo Lamulungu likakupeza mumzinda umene mulibe mkulu wa mpingo wokudziwa, kumene palibe amene adzakufunse ngati unapemphera, pamenepo umadziwa ngati Chikhristu chako n'chako kapena n'cha mayi ako. Ambiri a ife sitinayesedwepo motere, chifukwa takulira pamaso pa anthu otiyang'anira.

Kuti nkhaniyi isakhale yam'malere, nayi njira imodzi imene mwana wa ku Angónia angaithe. Mukatuluka pa Calómuè mwafika ku Dedza. Popita ku Lilongwe patukani pa Kamphata mukaone Nkhoma, mishoni imene inayamba mu 1896. Kumbukirani kuti mishoni ya Mphatso itatsegulidwa kuno mu 1909, boma la Apwitikizi linaitseketsa mu 1922, ndipo kwa zaka zambiri akhristu a kuno ankawoloka malire wapansi kukamva Mawu ndi kukadya Mgonero ku mipingo ya ku Malawi. Mudzakhala mukuponda m'mapazi mwawo. Kuchoka ku Lilongwe mudutse pa Mchinji kulowa m'Zambia pa Mwami, mufike ku Chipata, kufupi ndi Magwero kumene amishoni anafika mu 1899. Kuyambira pamenepo mpaka ku Lusaka ndi makilomita oposa 500, kudutsa pamlatho wa Luangwa, ndipo chodabwitsa n'chakuti chinenero chimene munayamwa chikutumikirani njira yonseyi. Chinyanja cha ku Lusaka chili ndi mawu ake osakaniza, mudzaseka ndipo iwonso adzakusekani, koma mudzagula, mudzafunsa ndi kumvana. Mwana amene kusukulu ankachita manyazi ndi Chichewa chifukwa aphunzitsi ankafuna Chipwitikizi chokha, adzaona yekha kuti chinenero chake n'chachikulu kuposa mmene anamuuzira.

Kuchoka ku Lusaka pitirirani kumwera mpaka ku Livingstone, kumene kuli mathithi a Mosi-oa-Tunya, amene David Livingstone anawaona mu 1855 nawatcha Victoria Falls. Mtsinje wa Zambezi womwewu, umene timauona uli phee pansi pa mlatho wa Samora Machel ku Tete, kumeneko umatambasuka pafupifupi mamita 1,700 m'lifupi ndi kugwera m'phompho lakuya mamita oposa 100. Nthunzi yake imaoneka muli kutali, mkokomo wake umamveka pachifuwa, ndipo zovala zimanyowa kopanda mvula. Masalimo amene timawawerenga mothamanga onena za madzi ambiri, munthu amawamva mwina akaima pamenepo. Mukatero wolokani mlatho wa mu 1905 kulowa m'Zimbabwe, mudzere ku Bulawayo ndi ku Harare. Ku Harare kuli mipingo ya CCAP imene imapemphera m'Chichewa, ya ana ndi zidzukulu za anthu amene anapita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu, ena a iwo ochokera kuno komwe. Pobwerera mukwera basi ya ku Nyamapanda, mulowa kwathu pa Cuchamano, mudutsa Changara, Tete ndi Moatize. Mwazungulira maiko atatu osakwera ndege.

Za ndalama tisanamizane. Ulendo wotere umafuna thukuta la chaka chathunthu, mwina ziwiri: kadimba kanu ka mbatata ya kachewere kapena kabichi, nkhuku, mbuzi imodzi yoikidwa padera. Musakongole, ndipo musagulitse chimanga cha banja. Zimene zimadya ndalama kwambiri ndi basi ndi pogona, choncho funsani mtengo kwa anthu awiri kapena atatu musanalipire, idyani kumsika kumene akudya eni dziko, ndipo tengani kamba wa mtedza ndi chimanga chokazinga monga ankachitira agogo athu. Ndalama musaike pamodzi, ndipo yobwererera muisokere pamalo pake, musaikhudze ngakhale zitavuta bwanji. Osintha ndalama a m'mbali mwa msewu pachipata ali ndi zala zothamanga kuposa maso. Ngati pali banki kapena malo ovomerezeka, pitani kumeneko ngakhale mtengo utsikeko pang'ono. Kumathithi mbali ya Zimbabwe, onetsani pasipoti ndi kufunsa mtengo wa nzika za maiko a SADC, pakuti ngwotsika poyerekeza ndi wa alendo a kutali.

Koma pali chinthu chimodzi chimene sindingachinene mofewa. Dzerani pachipata. Pasipoti imatengedwa ku ofesi za SENAMI, imafuna ndalama ndi kudikira, koma ndiyo ikupangitsani kukhala mlendo wolemekezeka m'malo mwa munthu wobisala. Nzika ya Mozambique siifuna viza pokacheza masiku ochepa ku Malawi, Zambia kapena Zimbabwe, tsono palibe chifukwa chodzera njira zachidule. Onani masiku amene akulemberani pachidindo ndipo musawapitirire. Mu Malichi 2020, pa Mussacama, pamsewu womwe timadutsa popita ku Tete, anthu 64 ochokera ku Ethiopia anapezeka atafa m'kontena ya lole chifukwa chosowa mpweya. Anali ana a anthu, anali ndi maloto ngati anu, ndipo anapereka moyo wawo m'manja mwa ozembetsa anthu. Munthu aliyense wokuuzani kuti akuwolotsani popanda mapepala, kapena wofuna kukusungirani pasipoti, kapena wolonjeza ntchito yabwino imene simunaifunse, muthaweni. Izi ndikunena makamaka kwa atsikana. Sindili m'gulu la onena kuti mtsikana asayende, pakuti Febe anayenda ulendo wautali wa ku Roma, monga tikuona pa Aroma 16. Koma mtsikana ayende masana, afike dzuwa lisanalowe, ndipo adziwe kumene akagone asananyamuke.

Febe yemweyo akutikumbutsa chuma chimene Mkhristu wosauka ali nacho, chimene mzungu wa chikwama chachikulu kumsana alibe. Paulo anamulembera mawu omuchitira umboni kuti abale amulandire. Nanunso pitani kwa abusa ndi akulu a mpingo mukapemphe kalata yonena kuti ndinu ndani ndipo mumapemphera kuti. Kalata imeneyi idzakutsegulirani makomo ku Chipata, ku Lusaka ndi ku Harare, ndipo mwina mudzapeza mphasa ndi mbale ya nsima kwa anthu amene simunawaonepo. Koma musaisandutse khasu lolimira m'nkhokwe za eni. Mlendo ndi mame: masiku awiri akwana. Tungani madzi, sesani pabwalo, siyani kathumba ka nyemba za kwathu, ndipo samalani pakamwa, pakuti akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Zimene mudzachite m'nyumba imeneyo ndizo zidzatsegule kapena kutseka khomo kwa mwana wina wa mpingo wanu wobwera pambuyo panu.

Kwa makolo ndi akulu a mpingo pempho langa ndi ili: mwana akabwera ndi maganizo otere, musathamangire kumukaniza. Mufunseni njira, masiku, ndalama ndi pogona. Akayankha zomveka, mupempherereni ndi kumuperekeza pokwerera chapa. Ana ambiri amene anazemba usiku ndipo sanamvekenso ndi amene anadziwa kuti kupempha sikukanathandiza. Amene watsazika amaimba foni pachipata chilichonse, ndipo pobwera muzimupatsa mphindi khumi pamsonkhano wa achinyamata kuti afotokoze mmene abale a kwina amapempherera, mmene amalimira ndi zimene tingatengereko.

Nyengo yabwino yonyamuka ndi Juni kapena Julayi, zokolola zitalowa m'nkhokwe, misewu itauma, madzi a kumathithi akadali ambiri. Tengani juzi ndi bulangete, chifukwa Lusaka, Bulawayo ndi Harare kumazizira usiku ngati kuno ku Ulongué. Amene akufuna kuyenda chaka chamawa ayambe za pasipoti tsopano, ndipo akonze zoti adzakhale atabwerako nthawi yosoka minda isanakwane.