Nkhunzi Imodzi M'khola: Vuto la Ng'ombe za Nyama Kuzungulira Kabwe

Nyama ya ng'ombe imene anthu a ku Railways mumzinda wa Kabwe amagula imachokera m'makola a m'maboma oyandikana nawo, monga Chibombo, Kapiri Mposhi ndi Chisamba. Ina imachokera m'mafamu akuluakulu, koma ng'ombe zambiri m'dziko la Zambia zili m'manja mwa alimi ang'onoang'ono. Ena mwa alimiwa ndi anthu a m'tauni momwemo amene anatembenukira ku ulimi mgodi wa mtovu utatsekedwa mu 1994, ntchito za njanji nazo zitachepa. M'makola otere muli vuto limene silitchuka ngati matenda a denkete kapena chilala cha mu 2024, ndilo la nkhunzi imodzi kukhalitsa m'khola mpaka kuyamba kukwera ana ake omwe.

Sikuti mlimi amachita dala. Nkhunzi yabwino ndi yodula, ndipo munthu amene anaigula ndi ndalama za penshoni safuna kuitaya ikadali ndi mphamvu. Koma ng'ombe imakhala ndi bere miyezi isanu ndi inayi, ndipo mwana wamkazi amatha kutenga bere akafika zaka ziwiri kapena zitatu. Pofika chaka chachitatu kapena chachinayi nkhunziyo ili m'khola, misoti imene ikuikwera ndi ana ake.

Mwana wa ng'ombe amatengera theka la chibadwa chake kwa tate ndi theka kwa make. Zilema zambiri zimabisala m'magazi, ndipo zimaonekera pokhapokha mwana akazilandira kuchokera mbali zonse ziwiri. Ngati nkhunzi ili ndi chilema chotere, theka la ana ake aakazi amachitenga mobisika. Ikawakwera anawo, mwana mmodzi mwa ana asanu ndi atatu alionse amayembekezeka kubadwa nacho poyera. Akatswiri a ziweto amayeza chibale chimenechi ndi masamu: tate akakwera mwana wake, muyeso umakhala 25 pa 100, ng'ombe za tate mmodzi koma amayi osiyana zimapereka 12.5 pa 100. Komabe chimene chimadya chuma cha mlimi kwambiri si zilema zooneka ndi maso ayi. Ng'ombe zimachedwa kutenga bere, ana amafa akadali aang'ono, ndipo otsalawo amakula pang'onopang'ono nalemera mochepa pa sikelo ya wogula. Zikatero mlimi amaloza chala msipu kapena nkhupakupa, ena amaganizira mnansi, pomwe gwero lili m'khola momwemo.

Ngakhale alimi olemera a maiko a kunja anagwapo m'mbuna imeneyi. M'zaka za m'ma 1950, ng'ombe za mtundu wa Hereford ku America zinabereka ana ambiri opinimbira chifukwa alimi anathamangira magazi a nkhunzi zochepa zotchuka. Mu 2008, oweta ng'ombe za Angus anazindikira kuti ana obadwa akufa, okhota msana ndi miyendo, anali ochokera ku mzere wa nkhunzi yotchedwa GAR Precision 1680, imene mbewu yake inagulitsidwa kutali ndi kutali.

Pali amene anganene kuti mitundu yotchuka ya ng'ombe inapangidwa mwa kukweretsa zapachibale, ndipo sakunama. Mlimi wa ku England, Robert Bakewell, anachita zimenezi m'zaka za m'ma 1700. Njira imene azungu amati line breeding ndiyo kusunga magazi a kholo limodzi labwino mwa kukweretsa zidzukulu zake za chibale chapatali pang'ono. Ku Miles City m'chigawo cha Montana, gulu la Hereford lotchedwa Line 1 linayambitsidwa mu 1934 ndi nkhunzi ziwiri za tate mmodzi, ndipo kwa zaka makumi ambiri silinalandire magazi achilendo. Linapambana chifukwa ng'ombe iliyonse inali kulembedwa m'buku ndi kuyezedwa pa sikelo, ndipo yosakula bwino inali kuchotsedwa mosanyengerera. Mlimi wa ng'ombe khumi ndi ziwiri, zina zolimira, zina zosungira malowolo, sangathe kuchotsa theka la khola lake. Kwa iye njirayi ndi juga.

Mankhwala amene ambiri amathamangira ndiwo kugula nkhunzi ya Brahman kapena Boran. Ana oyamba amakuladi msanga, ndipo mbiri ya Boran ya m'dziko muno ndi yabwino: mu 1988 akatswiri a ku Australia anadzatenga mazira ake oumbidwa kale ku Zambia kuti akayambitse mtunduwu kwawo. Koma nkhunzi yachilendo nayonso ikakhalitsa imakwera ana ake, ndipo vuto limabwerera. Chinanso n'chakuti kusakaniza kopanda dongosolo kukuchepetsa ng'ombe zamakolo, za Angoni, Tonga ndi Barotse, zimene zimapirira kutentha ndi msipu wouma wa mu Okutobala.

Chimene mlimi wamng'ono angathe n'chotsika mtengo. Nkhunzi ichoke m'khola ana ake aakazi asanakhwime, ana aamuna osafunika afulidwe asanayambe kukwera amayi ndi alongo awo, ndipo m'kope la sukulu mulembedwe tate ndi mayi a mwana aliyense. Kusinthana nkhunzi kumathandiza, koma osati ndi khola la pafupi, pakuti ng'ombe za mudzi umodzi zimadyera dambo limodzi ndipo kawirikawiri n'zachibale kale. Nkhunzi yochokera kutali imafuna chilolezo cha ofesi ya zaumoyo wa ziweto isanasamutsidwe, ndipo iyenera kuyamba yakhala payokha, chifukwa ikhoza kubweretsa nkhupakupa za denkete pamodzi ndi magazi atsopanowo.