Mbibu za ku Nampula ndi malangizo a akatswiri

M'chaka cha 1995 Banki ya Dziko Lonse inauza boma la Moçambique kuti ngongole zipitirira pokhapokha likatsitsa msonkho wa mbibu zosasenda, zimene ambiri amazitcha kaju, kuti zizituluka momasuka kupita kunja. Nkhondo inali itangotha mu 1992, ndipo m'thumba la boma munalibe kanthu. Wopempha sakweza mawu, choncho boma linavomera.

Akatswiriwo anali ndi mfundo yomveka ndithu. Iwo anati mafakitale osenda mbibu ali ndi makina otha ntchito, ndipo amagula kwa mlimi pa mtengo wolira. Mbibu zikamagulitsidwa ku India, mtengo ukwera, mlimi wa ku Nampula apindula nabzala mitengo yatsopano. Papepala zonse zinali bwino. Za makina otha ntchitozo sananame.

Koma panali funso limene mayi aliyense wotola mbibu pansi pa mtengo akadafunsa: kodi ndalama yochokera ku doko la Nacala idzafika bwanji kumudzi? Pakati pa mlimi ndi sitima ya pamadzi pali wogula wa pa sikelo, pali mwini lole, pali wamalonda wamkulu wa m'tauni, ndipo aliyense amanyema pake. Amene analemba malangizowo sanayende njira imeneyi.

Otsutsa analipo. Bungwe la antchito linadandaula, eni mafakitale amene anali atangowagula kumene kwa boma anadandaula, ndipo mtolankhani Carlos Cardoso analemba za nkhaniyi mosatopa. Mawu awo anapepuka chifukwa sanachokere ku Washington. Mtsogoleri wa bankiyo, James Wolfensohn, atabwera mu 1997 analamula kuti nkhaniyi ifufuzidwenso, ndipo ofufuza atsopanowo anapeza kuti njirayo inali yolakwika. Nyumba ya Malamulo inakwezanso msonkho mu 1999, koma madzi anali atatayika kale. Mafakitale anatsekedwa motsatizana, ndipo anthu pafupifupi 10,000 anachotsedwa ntchito, m'dziko limene kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970 linkatsogola pa dziko lonse pa ulimi wa mbibu.

Nanga mlimi uja anapeza chiyani? Kafukufuku wa mu 2002 wa Margaret McMillan, Dani Rodrik ndi Karen Welch anawerengera kuti banja lolima mbibu linaonjezera pafupifupi madola 5 pa chaka. Pa chaka chathunthu!

Dziwani kuti amene anaulula cholakwacho analinso akatswiri, choncho sukulu si imene inalakwa. Chinalakwika n'chakuti lipoti limodzi linatengedwa ngati lamulo, ndipo ofunsa mafunso anaoneka ngati osokoneza. Alimi a fodya ndi mbatatesi ku Angónia ndi ku Tsangano nawonso amalandira alendo onyamula mapepala ndi malonjezo. Akhale nawo pansi bwino, awapatse mpando, koma asanasaine awafunse kuti zikakanika adzalipira ndani.