Ulendo wa ku Britain: ndege ikachedwa, tikiti ya sitima imapsa

Mmalawi amene akupita ku Leeds kapena ku Edinburgh kukaphunzira kapena kukagwira ntchito yosamalira okalamba amanyamuka pa bwalo la ndege la Kamuzu masana, koma pakhomo pomwe akupita amafikapo masana kapena madzulo a tsiku lotsatira. Palibe ndege yochoka ku Malawi molunjika ku Ulaya. Ambiri amadzera ku Addis Ababa, ena ku Nairobi kapena ku Johannesburg, ndipo akatera ku London ulendo umakhala usanathe, chifukwa pamatsala sitima ziwiri.

Kale zinthu sizinali chonchi. M'zaka za m'ma 1970, Air Malawi inkauluka kuchoka ku Chileka mpaka ku Gatwick pa ndege ya mtundu wa VC10. Kampaniyo idathetsedwa mu 2013, ndipo m'malo mwake mudabwera ina yomwe boma lili ndi magawo 51 pa 100 alionse pomwe Ethiopian Airlines ili ndi 49. Ndege za kampani yatsopanoyi zimangozungulira m'maiko a mu Africa muno, choncho wopita kutali amayenera kusintha ndege panjira.

Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Addis Ababa ndi pafupifupi maola anayi. Kenaka munthu amakhala pa bwalo la Bole kudikira ndege ya usiku, yomwe imatenga pafupifupi maola asanu ndi atatu kukatera ku Heathrow m'mawa. Akadutsa pamzere wa oona zolowa ndi kutuluka m'dziko, womwe palibe angalosere kutalika kwake, amakwera sitima yapansi panthaka ya Piccadilly, ulendo wa pafupifupi ola limodzi kukafika pa siteshoni ya King's Cross. Kuchoka apo, Leeds ili pamtunda wa maola awiri ndi mphindi zingapo, Edinburgh maola anayi ndi theka.

Kutopa n'kosapeweka, koma vuto lenileni lagona pamene ndege ithera ndi pamene sitima iyambira. Ku Britain matikiti otchipa a sitima zopita kutali, omwe amawatcha Advance, amagulidwa masiku kapena masabata ulendo usanafike ndipo amagwira ntchito pa sitima imodzi yokha, ya nthawi yomwe yalembedwa. Sitima ina ikakuchedwetsani, a kampani amakulolani kukwera yotsatira. Koma ikakhala ndege yomwe yachedwa, palibe lamulo lowakakamiza kutero. Tikiti ija yapsa, ndipo yogula tsiku lomwelo imakhala yodula kwambiri.

Kwa munthu amene wasinthitsa makwacha kuti apeze mapaundi, nkhaniyi si yamasewera. Kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ndalama zakunja zakhala zikusowa m'mabanki. Mapaundi ochepa amene munthu wanyamula amakhala atawerengetsedwa kale: lendi ya mwezi woyamba, chakudya, chovala cha mphepo. Tikiti yachiwiri ya sitima simakhalamo m'masamu amenewo.

Nanga chipukuta misozi? Apa ndi pomwe lamulo limaoneka la mbali imodzi. Britain ili ndi lamulo loteteza okwera ndege lomwe idatengera ku bungwe la maiko a ku Ulaya la EU. Pa ulendo wopitirira makilomita 3,500, ndege ikachedwa maola anayi kapena kuposerapo pa zifukwa zomwe kampani ikadatha kupewa, wokwera akhoza kulandira mapaundi 520. Lamuloli limakhudza ndege iliyonse yonyamuka ku Britain, koma pa zolowa m'dzikomo limangokhudza makampani a ku Britain ndi a m'maiko a EU. Tanthauzo lake n'lakuti Mmalawi wopita ku London pa ndege ya kampani ya mu Africa satetezedwa ndi lamuloli popita, pamene ali mlendo wosadziwa kolowera, koma amatetezedwa pobwerera kumudzi, pamene abale akumudikira ndi galimoto ku Lumbadzi.

Kumbali ya sitima nako kuli dongosolo lobwezera ndalama lotchedwa Delay Repay, lomwe limayamba kugwira ntchito sitima ikachedwa mphindi 15 kapena 30, malinga ndi kampani. Mbali iliyonse imayankha pa zolakwa zake zokha. Mpata wa pakati pa Heathrow ndi King's Cross ulibe mwini.

Zomwe zidachitika pa 21 Malichi 2025 zidaonetsa kukula kwa mpatawo. Moto utabuka pa malo ogawira magetsi ku Hayes, bwalo la Heathrow lidatsekedwa pafupifupi tsiku lonse ndipo maulendo a ndege oposa 1,000 adasokonekera. Ndege zina zidakatera m'mizinda ina, zina zidabwerera komwe zidachokera. Makampani a ndege anali ndi udindo wofikitsa anthu awo ku London, koma udindowo sudafike pa matikiti a sitima omwe anthuwo adagula paokha.

Njira zochepetsera chiopsezochi zilipo, ngakhale iliyonse ili ndi mtengo wake. Ethiopian Airlines idayamba kuuluka kupita ku Manchester mu Disembala 2018, ndipo kwa wopita kumpoto kwa England kutera kumeneko kumachotsa ulendo wodutsa mu London, popeza bwalo la Manchester lili ndi siteshoni yakeyake ya sitima. Wina angasankhe tikiti ya Off-Peak, yokwererako mtengo koma yosamangirira munthu pa sitima imodzi. Wina angasiye maola anayi kapena asanu pakati pa kutera ndi kukwera sitima, n'kulolera kukhala pa benchi ndi masutikesi awiri atagona usiku wonse chokhala.

Ogulitsa matikiti a ndege m'mizinda yathu ndi omwe akadayenera kumafotokozera makasitomala awo zimenezi, makamaka oyenda koyamba. Malonda awo amathera pa Heathrow, koma amadziwa bwino lomwe kuti ambiri mwa ogulawo sakukathera mu London.