Nyanja ndi yathu, nanga geti n'la chiyani?

Mlongo wanga ali ndi foda m'foni mwake imene anaipatsa dzina loti "tsiku lina". M'menemo mwadzaza zithunzi za Positano, katauni ka m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean ku Italy, kamene nyumba zake zinasanjikizana paphiri ngati mbale pathandala. Muli maambulera a mizeremizere, timaboti toyera, ndi mbale za nsomba zothira mandimu. Bandulo ya TikTok ikagwa, amakhala pakhonde kwathu ku Njewa kuno n'kumapukusa chala mpaka batire kuzima.

Tsiku lina ndinamufunsa mwachipongwe kuti, kodi iwe madzi ochuluka kuposa a mumtsinje wa Lilongwe unawaonapo? Anaseka. Kenako anasiya kuseka. Mtsikana wa zaka 19, wolemba Fomu 4 n'kukhoza bwino Geography, wodziwa kujambula mapu a nyanja ya Malawi ali chitsinzinire, anali asanapondepo mchenga wake. Ndipo sikuti ndi yekha. Funsani ku Mpingu, ku Nsaru, ku Kabudula kapena ku Namitete kuti ndi angati anasambapo m'nyanja, muona manja amene adzuke. Amayi athu enieniwo nyanja ankaidziwira mu usipa wouma wa pamsika basi.

Chonsecho kuchoka pa Njewa kukafika ku Senga Bay m'boma la Salima sipakwana makilomita 150. Pomwe Positano akufuna pasipoti, tikiti ya ndege, ndi viza ya Schengen imene payokha ndi ma euro 90, osabweza ngakhale akukane. Ndi kwacha yathuyi, imene inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, loto limenelo lingokhala m'foda momwemo.

Ndiye tinasonkherana. Ine, mlongo wangayo ndi asuweni awiri tinagwirizana zoti pa Tsiku la Anakubala, 15 October, m'malo mwa chitenje cha chaka ndi chaka, amayi tipite nawo kunyanja. Tinadzuka tambala woyamba, minibasi mpaka m'tauni, ina yodutsa Kanengo n'kulowa msewu wa Salima. Titadutsa Chezi ndi Mvera n'kuyamba kutsetsereka, kutentha kunasintha, milambe inayamba kuoneka, amayi n'kuvula juzi imene anaumirira kuvala kunyumba. Pa Salima tinakwera ina yomaliza. Zonsezi zinayenda bwino, ndipo sindikufuna kutaya nthawi yanu ndi nkhani ya kondakitala.

Nkhani yanga ili pa geti.

Madzi tinkawaona patsogolo, obiriwira, akuphethira pakati pa mitengo. Koma paliponse pamene msewu unkaloza kunyanja panali mpanda. Mpanda wa njerwa, wa waya, wa bango, ndi chikwangwani. Pamalo ena ogona alendo, amene dzina lake ndilisunga, mlonda anatiyang'ana kuyambira kumapazi, anayang'ana jumbo ya amayi momwe munali mbatata yophika ndi botolo la thobwa, n'kunena mwaulemu ndithu kuti, "Pepani amayi, kulowa n'kolipira mutu uliwonse, ndipo zakudya zochokera kunja sitilola." Titawerengera mitu isanu, ndalama yake inkafanana ndi thiransipoti yobwerera. Amayi anangoti, "Iwe, tiye tizipita, madziwo ndawaona." Mawu amenewo amandiwawabe. Munthu wobadwira m'dziko lino, wakalamba akulimira dziko lino fodya ndi chimanga, akukhutira ndi kusuzumira nyanja yake pamwamba pa mpanda.

Mlondayo sindimuda. Ndi wolembedwa ntchito, ndipo mwina mayi ake omwe sanakhalepo pamipando imeneyo. Mwini malo nayenso ali ndi mfundo zake, ndipo tisanamizane, zina n'zoona. Ndani sadziwa mmene gombe limaonekera m'mawa wa pa 16 October kapena pa 2 January? Mabotolo osweka mumchenga, mapepala a chipisi, matewera a ana, anyamata oledzera ovutitsa atsikana ovala zosambira. Munthu amene walipira antchito osesa, wamanga zimbudzi, wagula mipando, ali ndi ufulu wolipiritsa. Mpando ndi wake, dziwe losambira la simenti ndi lake, mowa ndi wake. Koma mchenga umene mafunde amafikapo anaugula kwa yani? Apa ndiye pamene ine ndaima: alipiritse mpando, asalipiritse nyanja. Ndipo pakati pa mipandayo pazikhala njira yodziwika, yolembedwa, yoti aliyense adutse kukafika kumadzi osapempha munthu.

Izi si nzeru zanga za pakhonde ayi. Kumene kuli zithunzi za mlongo wanga komweko nkhondo imeneyi ilipo. Ku Italy magombe ambiri ali m'manja mwa anthu abizinesi amene amayala mabedi ndi maambulera olipiritsa, ndipo anthu wamba amapanikizana pa kachigawo kaulere kotsala. Positano wa pa TikTok uja sakuuzani zimenezo. Ku Spain lamulo la magombe la 1988 linanena poyera kuti gombe ndi la anthu onse, ndipo limasiya mpata wa mamita 6 m'mphepete woti anthu azidutsa. Ku Greece, mu 2023, anthu a pachilumba cha Paros anatopa ndi kusowa poyala thaulo pagombe la kwawo, anayamba zionetsero, zinafalikira kuzilumba zina, ndipo mu 2024 boma linakhazikitsa lamulo loti gawo losachepera 70 peresenti la gombe lizikhala lopanda mabedi olipiritsa. Anthu amenewa amadya ndalama za alendo kuposa ife kutalitali, koma anaona kuti mlendo sangakhale chifukwa chothamangitsira mwini mudzi.

Ife kuno timayankhula za zokopa alendo tsiku ndi tsiku. Mu ndondomeko ya Malawi 2063 zilimo, m'zoyankhula za nduna zilimo. Koma tikati "mlendo" m'mutu mwathu mumabwera mzungu wa chikwama kumsana wotsika pa Kamuzu International Airport. Mphunzitsi wa ku Nambuma amene wabwera ndi ana a Sitandade 7 sitimuwerengera. Chonsecho nthawi ya Covid-19, ndege zitaima mu 2020, amene anatsala kuti agone m'malo amenewa anali Amalawi omwe timawayang'ana kumapazi aja. Ndipo madzi atakwera mu 2024 n'kulowa m'malo ogona alendo ambiri ku Mangochi ndi ku Salima, nyanja inadziyankhira yokha funso loti malire ake ali pati. Ena anamanga pamene agogo athu sakanayerekeza kuzika ngakhale khola la nkhuku.

Tsono tsikulo silinathere pa geti. Mnyamata wina wa kabaza, ataona tikuzungulira ngati nkhuku yofuna poikira, anatiuza kuti, "Akuluakulu, tsikirani kwa asodzi, kumeneko kulibe mlonda." Tinadutsa pakati pa nyumba ndi mathandala oyanikapo usipa, fungo lake lokhalokha, mpaka tinatulukira pamchenga. Kunali maukonde oyala, mabwato okokera kumtunda, amayi akutsuka mapoto, ana akudumphira m'madzi ali chibadwire. Si gombe la pa positikadi. Muyenera kuyang'ana poponda, ndipo chimbudzi n'chofunsira. Koma amayi anakwinya chitenje mpaka m'maondo, analowa, funde loyamba linawamenya, anakuwa ngati kamtsikana. Kavidiyo kameneko kali m'foni mwa aliyense wa ife.

Chakudya ndiye tinadyadi. Mayi wina wa kanyumba ka nsima anatiotchera nsomba pamakala, yongovuula kumene, kuthira mchere ndi tsabola wa kambuzi basi, pambali mpunga ndi masamba. Ife a kumtunda tinazolowera nsomba imene yayenda masiku, youma kapena yowamba, moti utaka wauwisi unatidabwitsa ngati ndiwo yachilendo. Chambo ndiye ayi, tinangofunsa mtengo n'kuyang'anana. Msodzi wina wachikulire anatiuza kuti chambo chimene ankakoka ali mnyamata lero n'chosowa, chimene chikupezeka n'chaching'ono, ndipo chachikulucho chimakwera galimoto kupita kumahotela a ku Lilongwe chisanaume n'komwe. Taonani nthabwala yake: chambo chimatidutsa pamsewu kupita kwathu, ife tikubwera kudzachifuna kwawo.

Apa mpofunika kunena chilungamo kwa ife eni. Timadandaula kuti chambo chadula, koma tikaona tiana ta chambo pamsika timagula osafunsa. Timaona masikito aulere akusanduka maukonde n'kumaseka. M'boma la Salima lomweli muli chilumba cha Mbenje, kumene mfumu yaikulu Makanjira ndi anthu ake amatseka usodzi chaka chilichonse kuyambira December mpaka April, mwambo umene wakhalapo kuyambira zaka za m'ma 1950. Nyengo ikatsekulidwa nsomba zimakhalapo. Ndiye kuti nzeru yosamala nyanja sitikuchita kuitanitsa kunja. Ndipo munthu amasamala chimene amachidziwa. Mwana wa ku Kabudula amene sanaionepo nyanja mudzamuuza bwanji kuti asagule kasawala? Kwa iye ndi ndiwo yotchipa basi.

Kenako za boti. Anyamata a maboti a injini anatizungulira, aliyense akutchula mtengo wake wopitira ku kachilumba kooneka patsogolo paja, ka Namalenje, kamene azungu amati Lizard Island. Tinanenerera mpaka tinagwirizana. Koma nditafunsa za majekete oyandamitsa, mmodzi anaseka nati, "Biggie, lero nyanja yagona, musaope." Tinamusiya. Tinakwera la wina amene anatulutsa majekete asanu, akale koma amoyo. Anzanga, apa musachite manyazi. Ife a ku Njewa kusambira kwathu n'kwa m'madambo nthawi ya dzinja, madzi ofika m'chiuno. Nyanja iyi kumpoto kwake imazama mamita pafupifupi 700, ndipo mphepo ya mwera ikauka, makamaka miyezi yozizira ya June mpaka August, ngakhale asodzi obadwira pamadzi amakokera mabwato kumtunda. Nyengo za zikondwerero timamva za achinyamata omira, ambiri ochokera kumtunda, ena atalawako. Boti lopanda jekete, kapena lodzaza mpaka madzi kufika m'milomo mwake, musakwere, ngakhale selfie yake ikhale yokoma bwanji. Ndipo amene mwasamba kumalo a bango ndi madzi odekha, kumbukirani likodzo. Kukayezetsa kuchipatala pakapita milungu ingapo si uchitsiru.

Ulendo wa pabotiwo sunathe ola limodzi, koma ndi umene mlongo wanga amaukamba mpaka lero. Woyendetsa anaimba likhweru, anaponya kansomba m'mwamba, nkhwazi inatsika kuchoka mumtengo n'kukatola pamadzi ngati ikuchita kuwerengera. Pafupi ndi miyala tinaona mbuna, tinsomba ta buluu ndi tachikasu timene anthu a ku Ulaya amasunga m'magalasi m'nyumba zawo n'kumalipira ndalama zambiri. Nyanja yathuyi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse yopanda mchere padziko lapansi, n'chifukwa chake Lake Malawi National Park ku Cape Maclear, imene inakhazikitsidwa mu 1980, inalowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984. Zimenezi tinaloweza kusukulu kuti tikhoze mayeso. Kuziona ndi maso n'zina.

Ndiye pempho langa kwa makhonsolo a m'mbali mwa nyanja, Salima, Mangochi, Nkhotakota, Nkhata Bay, n'losavuta. Gombe lililonse lotchuka likhale ndi chigawo cha anthu onse: chikwangwani choonekera kumsewu, chimbudzi, mabini, ndi munthu mmodzi kapena awiri odziwa kupulumutsa omira pamasiku a tchuthi. Ngati pakufunika kandalama kosesera, kakhale kofanana ndi ka chimbudzi cha pamsika, osati kofanana ndi thiransipoti ya ku Lilongwe. Popereka malo atsopano omangapo, njira yopita kumadzi izisiyidwa pamapu pomwepo, mpanda usanakwere. Makhansala amene timawavotera aja, ntchito yake ndi imeneyi. Ndipo mafumu amene akugulitsa malo a m'mphepete adzifunse kuti adzukulu awo adzakokera pati bwato.

Kwa ife a mafoni, gawo lathu lilipo. Tikapita, tibwerere ndi mabotolo athu m'jumbo, kuti mwini mpanda asowe chonamizira. Tijambule gombe la asodzi ndi mayi wa nsima uja, tilembe dzina la malowo pa sitetasi, m'malo momangoposta Santorini amene sititha n'kumutchula bwino. Magulu a banki m'khonde, makwaya, matimu a mpira wa m'mudzi, mumatha kusonkha za yunifomu; minibasi imodzi ya ku Senga Bay siyingakukanikeni.

Tinafika pa Njewa usiku, mchenga uli m'nsapato ndi m'tsitsi. Amayi anabwera ndi madzi a m'nyanja m'botolo la thobwa lija, ati akaonetse anzawo a kumpingo, ndipo lili pawindo mpaka pano. Foda ya mlongo wanga ikadalipo, Positano sanamufufute. Koma pamwamba pake pabwera chithunzi cha Ilala, sitima ija yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951, ndipo wayamba kale kundivutitsa kuti ndifufuze mtengo wa kalasi yotchipa kuchoka ku Monkey Bay kukafika ku Likoma.