Tidawerenga masiku a sukulu, koma mitima ya ana sitidaifunse

Bambo Mkonzi,

Ndiloleni malo pang'ono m'nyuzipepala yanu, ine mkulu wa pano pa Mzimba Boma amene ndikulera adzukulu atatu makolo awo ali ku Joni, kuti nditulutse chimene chakhala chikundidya mumtima chiyambire pa 23 Malichi 2020, tsiku limene sukulu zonse za m'dziko muno zidatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19.

Sinditsutsa kutsekako, pakuti chakudza sichiimba ng'oma, ndipo moyo uposa maphunziro. Chodandaula changa nchakuti akuluakulu atalamula kuti ana aphunzire pa wailesi, ndi a sekondale pa intaneti, adaganizira za mutu wa mwana nkuiwala mtima wake. Wailesi imayankhula koma siimva. Siingaone kuti mwana wakhala chete kapena kuti wagona osadya. Ndipo ngati ife a pa Boma tidavutika kugula mabatire ndi mayunitsi a lamya, nanga a ku Khosolo ndi ku Luwerezi, kumene mwana angathe chaka osagwirako kompyuta, adatani?

Mdzukulu wanga wamkulu, amene anali mu Fomu 4, ndidamuona akufota ngati mmera wosowa mvula. Anzake sankawaona, bambo ake anali atasowa ntchito ku Johannesburg malire ali otseka, ndipo usiku, ine nditadzuka, ndinkampeza ali khale pakhonde, buku lili m'manja koma maso ali kumdima. Ndidamdzudzula kuti ndi ulesi, ndipo kulakwa kumeneko ndikuvomera pamaso pa Mulungu ndi anthu, pakuti sindinkadziwa kuti nkhawa nayo ndi nthenda. Sukulu zitatsegulidwa kwa olemba mayeso pa 7 Seputembala, mwanayo adayamba kutsitsimuka, koma mu Novembala mayeso a MSCE adathetsedwa chifukwa adabedwa, ana osalakwa nauzidwa kuti alembenso mu Januwale. Tsiku limenelo adalira monga sindidamuonepo akulira chibadwire.

Boma lidatiuza kuti atsikana pafupifupi 40,000 adatenga pathupi m'miyezi imeneyo, ndipo tonse tidagwira pakamwa. Amenewo adawerengeka chifukwa pathupi sipabisika. Koma ana amene adabwerera m'kalasi mtima uli wosweka, amene mpaka lero amadzipatula, kapena adayamba mowa ndi chamba, ndani adawawerenga? Aphunzitsi, amene sindiwaimba mlandu, adauzidwa kuthamangitsa silabasi. Thandizo lodziwika la ovutika maganizo kuno kumpoto lili ku St John of God ku Mzuzu, ndipo mayi wa ku Embangweni sangakwere basi ndi mwana ulendo wonsewo chifukwa chongoti mwanayo sakuseka, pakuti ngakhale abale ake angamuseke.

Chotero ndipempha a Unduna wa Maphunziro ndi a Khonsolo ya M'mbelwa kuti pa sukulu iliyonse pakhale mphunzitsi mmodzi wophunzitsidwa uphungu, wopatsidwa nthawi yake yokhala pansi ndi ana. Ndipemphanso mafumu athu, pansi pa Inkosi ya Makhosi M'mbelwa V, ndi abusa a mipingo, kuti nkhani imeneyi aiyankhule poyera m'Chitumbuka chimene agogo anzanga amamva. Ang'ono ake a mdzukulu wangayo akali pasukulu, ndipo ndifuna kudziwa kuti ndikawatula kwa yani akadzayamba kukhala chete.

Ine wanu wodandaula,
Gogo wa pa Mzimba Boma