Kamtengo komera kokha musakazule msanga

Kamtengo kosadziwika kakamera pakhomo, ambiri timathamangira khasu. Ine ndimati kapatseni chaka, kaonetse khalidwe lake.

Kanga kanabwera ndi manyowa a mbuzi. Kanali ndi minga iwiriiwiri, timasamba ting'onoting'ono ndi nthambi zotuwa. Aneba anati ndikazule, kangabaye ana. Katasinkhuka kanayamba zachilendo: mvula ikagwa kamayoyola masamba, chilimwe chikafika n'kubiriwira. Agogo ena odutsa sanachedwe: "Umenewu ndi msangu, mwanawe."

Mbuzi zimadya zipatso zake, njere n'kutuluka ndi ndowe. Masamba ake akawola amawonjezera chonde, ndipo chimanga cha pansi pake sichisowa dzuwa nthawi ya dzinja. Alimi a ku Salima amaudziwa bwino. Vuto lake n'loti umakula kwambiri ndipo muzu wake umalowa pansi zedi, choncho ngati wamera pafupi ndi nyumba, muusamutse ukadali kakhanda.

Sikuti chomera chilichonse n'chosunga ayi. Lantana zulani lero lomwe. Chomera chikakuzunguzani, thyolani nthambi yokhala ndi duwa kapena chipatso, mukaonetse alangizi a zankhalango kapena a National Herbarium ku Zomba.