ZA M'MAIKO A KUTALI: Mwala wa pa Joni ndi Mantha a Azungu

Abale anga a m'makomponi, ambiri mumafunsa kuti kodi a ku Russia ndi Azungu anzao a kumadzulo alimbirana ciani, popeza onse ali ndi minda ndi cuma cokwanira. Sabata lino ticezeko za mlandu umenewu, cifukwa suli kutali monga tiyesa. Unatsika kale m'migodi ino ya pa Joni.

Ciyambi cace ndi mantha, ndipo mbali zonse ziwiri ziri ndi zipsera zoonetsa. A ku Russia akumbuka kuti adani ao amadzera kumadzulo: Napoleon anafika ku Moscow mu 1812, ndipo Hitler anawathira nkhondo mu 1941, nafa anthu ao oposa mamiliyoni 20. Anansi ao naonso sanaiwale kuti Stalin anaputa Finland mu 1939, nameza Estonia, Latvia ndi Lithuania mu 1940. Cotero mu 1949 maiko 12 a kumadzulo anacita pangano, dzina lace NATO, lakuti woputa mmodzi waputa onse. A ku Russia anayankha ndi pangano lao la ku Warsaw mu 1955.

Caka comweco ca 1949 Russia anaphulitsa bomba lace loyamba la atomu, la mtundu uja America anaponya pa Japan mu 1945. Pamenepo akuru a ku Washington ndi ku London anasowa tulo. Bomba lotere lipangidwa ndi mtapo dzina lace uranium, ndipo akatswiri anali atapeza kale kuti uranium agona pamodzi ndi golidi m'mwala wa kuno. Mu 1950 Boma la South Africa linavomera kumgulitsa kwa America ndi Britain, ndipo iwo anakongoza ndarama zomangira nyumba za makina. Yoyamba inatsegulidwa pa mgodi wa West Rand Consolidated ku Krugersdorp mu 1952. Kacitidwe kace kanali kotere: mwala utaperedwa ndi golidi atacotsedwa, matope otsala aja, amene kale anali kungotayidwa pa milu yoyera muiona m'mbali mwa mzinda, anawathira asidi kuti uranium asungunuke napatuke. Pofika 1959 migodi yoposa 20 inali pa nchito imeneyi.

Nanga ndani anaboola mwalawo ndi kuupakira m'ngolo? Pakati pao panali agogo athu a ku Dedza, Dowa ndi Mzimba, ndi anzao a ku Tete, amene anadza ndi Wenela. Iwo polemba kalata kumudzi anati tiri kukumba golidi. Anabwerera ndi njinga ndi mabulangeti, ena ndi cifuwa ca pfumbi, ndipo ndikaika ngati ambiri anadziwa kuti thukuta lao linapita kukaopseza Moscow.

Mantha omwewo anagwiranso nchito yina kuno. Mu 1950 Boma linaika lamulo loletsa Cikomyunizimu, ndipo mu 1956 linatseka maofesi a nthumwi za Russia. Koma lamulo lija linagwa kwambiri pa anthu akuda odandaula za pasi ndi za malipiro, ngakhale amene sanaonepo munthu wa ku Russia ndi maso.

Linga logawa mzinda wa Berlin, lomangidwa mu 1961, linagwa mu 1989, ndipo Soviet Union inapasuka mu 1991. Anthu anati mlandu watha, koma unangogona. Poland analowa NATO mu 1999, ndi maiko atatu aja anamezedwa ndi Stalin analowa mu 2004. A ku Russia anadandaula kuti mpanda wa adani wafika pakhomo pao. Mu 2014 analanda Crimea, ndipo pa 24 February 2022 Putin anatumiza asilikari kukathira nkhondo Ukraine. Ine ndiona kuti dandaulo la mpanda limveka ndithu, koma silipatsa munthu ufulu wotentha nyumba ya mnansi wace. Ndipo taonani cimene anapindula: Finland, amene ali ndi malire ndi Russia opitirira makilomita 1,300, anakhala zaka zambiri wosalowa pangano la nkhondo, koma mu 2023 analowa NATO, namtsata Sweden mu 2024. Anakumbuka mau a akuru akuti caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.

Ulendo uno mlandu unatipeza kumunda. Russia ndi mmodzi wa ogulitsa feteleza akuru pa dziko lonse, ndipo nkhondo itabuka mu 2022 mtengo wa thumba unakwera kwambiri ku Malawi. Inu amene mutumiza ndarama kumudzi mudziwa bwino, pakuti mauthenga a amai ndi alongo anu anasintha mau caka cimeneco. Feteleza wina wa ku Russia anatsekeredwa miyezi yambiri pa doko la ku Ulaya cifukwa ca zilango zimene a kumadzulo anaika. Atamasulidwa, matani 20,000 anaperekedwa mwaulere kwa Malawi, nafika mu 2023 kudzera ku Beira. Tithokoza, popeza mphatso sainyoza. Koma matani 20,000 ndiwo matumba 400,000 a makilogalamu 50. Werengani nokha mabanja a alimi kucokera ku Chitipa kufikira ku Nsanje.